Nyumba ya lendi nayo ndi pakhomo

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Akuti akukhala chipinda chimodzi cha lendi, eni nyumba safuna penti kapena misomali pakhoma, ndiye angakongoletse bwanji ndi kandalama kochepa.

Achemwali, mwandikumbutsa kutali. Ine ndinakhala ku Kawale zaka 4 pazenera nditatchinga ndi katoni. Ndinkati zokongoletsa zidikire ndikadzamanga yanga. Puloti yakeyo mpaka lero sindinagule. Tsiku lina anabwera azakhali kuchokera ku Ntcheu, anamwazamwaza maso n'kufunsa, "Iwe mwana, muno mumagona munthu kapena ndi mosungira chimanga?" Manyazi anandigwira. Anatulutsa chitenje m'chikwama, anadutsitsa chingwe choyanikira zovala n'kumanga pa mabagalabazi. Dzuwa la masana litawomba pansaluyo, chipinda chonse chinasanduka chofiirira ngati uchi. Katoni ija tinakolezera mbaula.

Kuyambira pamenepo makatani a m'sitolo aja, onyezimira ngati diresi ya ukwati, ndilibe nawo mawu abwino. Kukwera mtengo, makamaka chigwereni kwacha mu 2023, komanso kusunga fumbi. Mwezi wa Okutobala ukafika amaoneka ngati munasefera ufa wa mgaiwa. Chitenje mumachapa m'mawa, masana chauma. Chonde tsono, nsalu ya chipani kapena ya mpingo isapite pazenera. Mnansi wanga anapachika ya kampeni, nkhope ya munthu wamkulu n'kumasuzumira aliyense wopita ku mpopi. Anthu anasiya kudzabwereka mchere.

Nanga babu loyera lija! Ndani anatinamiza kuti m'nyumba muziwala ngati m'wodi ya kuchipatala? Limaonetsa mng'alu uliwonse, ndi mphemvu zomwe. Ndimadana nalo, ndanena.

Tsono chochita

Gulani zitenje ziwiri zogwirizana mtundu, za mamita awiriawiri. China pazenera, china telala akusokereni zovekera mapilo, zotsala muyale pakatebulo. Musanasoketse viikani m'madzi ozizira muone ngati sichikuchucha. Mukafuna chotchingira pakati pa bedi ndi pochezera, pitani pa kaunjika ku msika wa Tsoka ku Lilongwe mukasankhe shiti yochindikala, muimange ndi waya. Misomali iwiri yokha eni nyumba sangakuthamangitsireni, koma apempheni kaye.

Babu likhale la LED lowala mwachikasu, silitentha kwambiri ndipo silidya mayunitsi ambiri. Timagetsi ta Khrisimasi tolumikiza ku USB tizungulizeni pagalasi kapena tiunjikeni m'botolo loyera. Magetsi akazima timayaka ndi power bank. Nsalu musaivindikire pa babu lakale lotentha lija, ndipo kandulo isayandikire katani ngakhale pang'ono.

Chitenje cha azakhali chija chinasuluka ndi dzuwa, pano ndimavindikirira ndowa ya madzi. Akabwera amachifunsabe.