Tenti yodzitambasula yokha ndi mvula ya Disembala kuno ku Johannesburg

Mayi ena a ku Rosettenville andilembera pa imelo. Iwo, amuna awo ndi ana awiri akufuna kukagona masiku awiri kufupi ndi Hartbeespoort mu Disembala pamodzi ndi anzawo akutchalitchi. Galimoto alibe. Aona pa intaneti tenti ija yongoiponya n'kuima yokha, yolembedwa kuti ndi ya anthu anayi, yotsika mtengo kwambiri, ndiye akufunsa ngati angagule.

Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa ndalama ya kuno ndi ya thukuta, ndipo ogulitsa matentiwa amakuonetsani chinthu chimodzi chokha: munthu akuiponya pa kapinga dzuwa likuswa mtengo, tenti n'kuima. Sakuonetsani tenti yomweyo 4 koloko madzulo mu Disembala, kumwamba kutada bii, mphepo ikukokolola mipando, matalala akugwa. Komatu nyengo ya kuno kuyambira Okutobala mpaka Malichi ndi imeneyo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mvula yake yachilimwe imabwera mwadzidzidzi, mwamphamvu, ndi ziphaliwali. Posankha tenti muziganizira ola limenelo, osati masekondi awiri oitsegula aja.

Matenti amene amagulitsidwa ndi dzina limeneli alipo a mitundu iwiri, ndipo anthu amawasokoneza. Woyamba uli ndi mikombero ya fibreglass yosokeredwa m'nsalu momwemo. Mikomberoyo imakhala yopindidwa mokakamiza, ndiye mukangomasula lamba imafwamphuka yokha. Kampani ya Decathlon ndi imene inatchukitsa mtunduwu pamene inatulutsa Quechua 2 Seconds mu 2005, ndipo lero makampani ambirimbiri amapanga zofanana nayo, zina zabwino, zina zongoyerekeza. Ikapindidwa imakhala m'chikwama chozungulira chophwatalala, chotambalala masentimita 60 mpaka 90. Siilemera kwenikweni, koma siilowa m'chikwama chakumsana kapena mu sutikesi, ndipo mu takisi yodzaza ya pa Bree muyenera kuinyamula pamiyendo. Mtundu wachiwiri uli ndi miyendo yachitsulo yolowana, yolumikizidwa kale pamwamba. Mumaiyala pansi, n'kukoka mwendo uliwonse mpaka kabatani kake kalire. Imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri, yambiri munthu amatha kuimirira m'kati, koma chikwama chake ndi chachitali kuposa mita ndipo yaikulu imapitirira makilogalamu 10. Popanda galimoto imeneyi ndi katundu weniweni.

Tsopano za "anthu anayi" zija. Opanga amawerenga munthu mmodzi pa masentimita 60 kapena kucheperapo, onse atagona phewa ndi phewa, popanda chikwama, popanda nsapato, popanda poika chakudya. Pa nambala yolembedwayo muzichotsa munthu mmodzi, ndipo ngati banja lonse ndi ana likugona m'tenti imodzi muzichotsa awiri. Musakhulupirire chithunzi, funani muyeso wa pansi pake m'masentimita. Matiresi opopa a anthu awiri amakhala masentimita 137 m'lifupi ndi 191 m'litali, pamene a queen ndi 152 ndi 203. Makoma a tenti ya mikombero ndi opendekera m'kati, ndiye matiresi okhuthala amakukwezerani pamene tenti yayamba kale kupanikiza, mutu ndi mapazi n'kumakhudza nsalu. Paliponse pamene thupi kapena bulangete lakhudza nsalu yonyowa, madzi amalowerapo.

Nkhani ya madzi ndi imene ndikufuna muimvetse kuposa zonse. Pa chikwama cha tenti yabwino pamalembedwa nambala ya mamilimita, monga 1,500 mm, 2,000 mm kapena 3,000 mm. Nambalayi imanena kutalika kwa madzi amene angaime pamwamba pa nsaluyo isanayambe kudontha. Ya 1,500 ndi poyambira chabe. Pa mvula ya kuno funani 2,000 kapena kuposa padenga, ndipo pansi pakhale nambala yokulirapo, chifukwa bondo la munthu wogwada limakankhira madzi m'nsalu mwamphamvu kuposa mvula. Ngati nambalayo palibe, pangolembedwa kuti imateteza ku madzi, dziwani kuti wopangayo analibe choti alembe. Kenako tembenuzani nsalu muone misoko. Singano iliyonse inasiya bowo, ndiye pamsoko uliwonse payenera kukhala tepi yowala yomatidwa m'kati. Tenti ya nsalu yabwino koma misoko yosamata imadonthera pamwamba pa nkhope yanu ndendende, chifukwa msoko waukulu umadutsa padenga.

Ndiye pali madzi ena osachokera kumwamba. Anthu anayi akamapuma usiku wonse m'kachipinda kotsekedwa, nthunzi ya mpweya wawo imakafika pansalu yozizira n'kusanduka madontho. M'mawa mabulangete anyowa, kunja mvula sikunagwe, munthu n'kumati tenti ikudontha. Mankhwala ake ndi tenti ya nsalu ziwiri: yam'kati yopyapyala yodutsa mpweya, yakunja yotchinga mvula, pakati pali mpata. Nthunzi imadutsa yam'kati, n'kukatsetsereka pa yakunja mpaka pansi. Matenti ambiri otsika mtengo a pa intaneti ali ndi nsalu imodzi yokha ndi kachipewa kakang'ono pamwamba, ndipo apa sindibisa mawu: tenti ya nsalu imodzi yopanda nambala ya madzi si yogonamo ndi ana mu Disembala. Ndi mthunzi wokhalamo masana m'mbali mwa damu, basi. Kuigulitsa kwa banja ngati pogona ndi kulibera ndalama. Munthu amene wagula yotere n'kunyowa usiku woyamba sabwereranso kutchire, ndipo ana ake amakula akudziwa kuti zogona panja ndi mazunzo, chonsecho vuto linali nsalu.

Mphepo nayo ndi mdani wa tenti ya mikombero. Mikombero imene imaifwamphula ndi yofewa mwadala, ndiye mphepo ikawomba tenti imagonera pansi n'kudzukanso. Zimenezo zokha si zoopsa. Choopsa ndi kuganiza kuti poti yaima yokha, ntchito yatha. Tenti yosakhomerera imauluka ngakhale muli zikwama m'kati. Khomani zikhomo zonse za m'makona musanalowetse kanthu, kenako mangani zingwe zonse za m'mbali ngakhale kumwamba kuli kowala. Chikhomo chizilowa mopendekera, mutu wake utaloza kutali ndi tenti, osati choongoka. Khomo la tenti lisayang'ane kumene kukuchokera mphepo. Tizikhomo tawaya timene timabwera m'chikwama timapindika pa nthaka youma ya ku Magaliesberg kapena Pilanesberg, ndiye gulani zikhomo zachitsulo zokhuthala za masentimita 20 mpaka 25, zokwanira makona ndi zingwe zonse kuphatikiza ziwiri zapadera, ndi hamala yalabala. Zimapezeka ku Outdoor Warehouse, Makro ndi masitolo ena otere, ndipo ndi ndalama yochepa imene imasintha ulendo wonse.

Poti tanena za nthaka, yang'anani pansi musanatsegule tenti. Chotsani miyala ndi minga, makamaka pansi pa mitengo yaminga ija yodzaza ku Bushveld, chifukwa munga umodzi umaboola pansi pa tenti ndi matiresi omwe. Musamange pamalo olowa pamene madzi angadikhe. Mukayala lona pansi, ikhale yocheperako kuposa tentiyo kapena ipindeni m'mbali, chifukwa lona yotulukira kunja imatunga mvula yotsika padenga n'kuilowetsa pansi panu. Malo ambiri a kapinga amafuna choyala cha neti m'malo mwa lona kuti udzu usafe, ndiye funsani polipira malo. Funsaninso za magetsi, popeza m'malo ambiri ogona ndi tenti soketi yake ndi yabuluu ya ma caravan, pulagi ya kunyumba siilowa popanda cholumikizira.

Pali zinthu ziwiri zimene sizikhudza kugula koma sindingazidumphe, chifukwa zimapha. Choyamba ndi mbaula. Ife tinazolowera kuti kukazizira timalowetsa moto m'nyumba, ndipo pa braai makala amatsala ofunda bwino usiku. Musalowetse makala, mbaula, chitofu cha gasi kapena cha palafini m'tenti, ngakhale moto ukuoneka kuti wazima. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha, suoneka, ndipo munthu amangogona osadzukanso. Nsalu ya tenti nayonso imasungunuka ndi moto mofulumira. Kuphika kuchitike panja, patali ndi tenti. Chachiwiri ndi mphezi. Tenti siteteza munthu ku mphezi m'pang'ono pomwe, kaya ndi ya fibreglass kaya yachitsulo, ndipo dera la Highveld, kumene kuli Johannesburg, ndi limodzi mwa madera a mphezi zambiri m'dziko lino. Mabingu akayamba, tengani ana mukalowe m'nyumba ya njerwa, ngakhale ya mabafa, kapena m'galimoto ya mnzanu yotseka mawindo, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Musamangenso tenti pansi pa mtengo wautali umene waima wokha.

Mukadzafuna kuigwiritsa ntchito mu Juni kapena Julayi, kumbukirani kuti kuno chisanu chimagwa, ndipo kuzizira kwambiri kumachokera pansi osati pamwamba. Mpweya wa m'matiresi opopa umazizira usiku wonse, ndiye bulangete limodzi liyalidwe pansi pa thupi, osati onse pamwamba. Ndipo ngati mukuganiza zodzaitenga kumudzi, mwina kukagona ku Cape Maclear kapena Senga Bay, sankhani ya neti yosang'ambika pakhomo ndi pamawindo onse. Ku Hartbeespoort kulibe malungo, koma kunyanja kwathu ndi ku Kruger alipo. Pamchenga zikhomo wamba sizigwira, ndiye mangani chingwe pa thumba lodzaza mchenga kapena pa kamtengo n'kukwirira.

Kapindidwe kake

Apa ndi pamene matenti ambiri amathyokera, Lamlungu m'mawa anthu akufulumira. Zulani zikhomo, tulutsani zonse, sesani mchenga, ndipo zipi ya pakhomo muisiye yotsegula kuti mpweya uzituluka. Gwirani mikombero ya pamwamba ndi dzanja limodzi, kenako kwezani mbali ziwiri za pansi zidzakumane nayo, kuti mikombero yonse ikhale m'dzanja limodzi. Iimikeni pansi, gwirani nsonga ya pamwamba n'kuikankhira pansi mopindira m'kati. Idzadzipotola yokha kukhala nambala 8, monga momwe okonza njinga amapindira tayala. Kankhani mbali imodzi ya 8 pamwamba pa inzake, gwadirani ndi bondo, lowetsani lamba, ikani m'chikwama. Zina zili ndi zomangira za mitundu zimene zimakolekedwa motsatana, ndipo malangizo ake amasokeredwa m'chikwama, musawadule. Mukamva kuti ikukana kwambiri, mwapotolera kolakwika, isiyeni itseguke muyambirenso. Kukakamiza kumang'alula fibreglass, ndipo tizidutswa take timabaya zala ndi nsalu yomwe. Nkhope ikhale patali, ana aime pambali. Yesani kangapo pabwalo kapena pamalo oimika galimoto pa fulati musananyamuke, ndipo ayesenso amuna anu, kuti odziwa asakhale mmodzi.

Mkombero ukang'aluka muli kutchire, ukulungeni ndi tepi yolimba yamtundu wa duct tape pamodzi ndi kachitsulo kapena chikhomo chogwirizira, mutha kumaliza ulendo. Koma kusintha mkombero wonse ndi kovuta chifukwa ndi wautali ndipo unasokeredwa m'kati, pamene pa tenti wamba mumangogula ndodo ina. Ichi ndi chifukwa china chosagulira yosadziwika kumene yachokera.

Kuumitsa ndi kusunga

Tenti yopindidwa yonyowa imayamba chuku pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo fungo lake silichoka. Mukafika kunyumba itseguleni tsiku lomwelo iume, pansi pake pomwe. Musaichape m'makina kapena ndi sopo waufa, chifukwa amachotsa mankhwala otchinga madzi. Madzi ozizira ndi kansalu n'zokwanira. Dzuwa la pamtunda ngati kuno limadya nsalu ya polyester, ndiye ikauma ichotseni, isakhale panja sabata yathunthu. Chikwama chake chophwatalala chimalowa bwino kuseri kwa wodiropu kapena pansi pa bedi, koma musaikepo katundu wolemera. Zipi ikayamba kulimba itsukeni ndi mswachi wakale n'kupakapo kandulo pang'ono. Ikamatseguka kumbuyo kwa kokokera, finyani kokokerako pang'ono ndi pulayala.

Chakudya chisagone m'tenti. Ku Pilanesberg ndi m'mapiri a Magaliesberg anyani ndi apusi amadziwa kuti m'matenti mumakhala buledi, ndipo nsalu siiwaletsa. Ikani m'bokosi lotseka kapena m'galimoto. Nsapato muziyamba mwazikutumula m'mawa musanavale, chifukwa cha zinkhanira.

Ndiye mayi, imene mwaionayo musagule ngati ili ya nsalu imodzi kapena ilibe nambala ya madzi. Poti mulibe galimoto, gulani ziwiri za mikombero zolembedwa anthu atatu, za nsalu ziwiri, 2,000 mm kapena kuposa, misoko yomata, aliyense wamkulu agone ndi mwana mmodzi. Ngati wina wa kutchalitchi ali ndi bakkie yonyamula katundu, tengani imodzi ya miyendo yachitsulo ya anthu 6 imene nsalu yake yakunja imafika mpaka pansi. Pitani kusitolo mukapemphe kuti akutsegulireni ndi kukupindirani mukuona, ndipo pa bajeti yanu musiyepo ya zikhomo, hamala ndi tepi.