Bwemba amachedwa, koma bzalani ndithu

Mayi wina wa kufupi ndi Monkey Bay anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti mbande zawo za mango ndi mapapaya zinauma zonse ndi dzuwa la Okutobala, mjigo uli kutali, ndipo anzawo akuwauza kuti ayese bwemba. Funso lawo ndi lakuti, "Kodi umenewo si mtengo wodzadya zidzukulu?"

Mayi, zikomo pondilembera. N'zoona, bwemba sathamanga. Wofesa njere mumadikira zaka 6 mpaka 8 kuti muthyole zipatso zoyamba, pomwe womezanitsa amayamba pa zaka 3 kapena 4. Komabe ine ndikuti bzalani. Muzu wake umalowa pansi kwambiri, n'chifukwa chake nthawi imene thengo la kuno ku Mangochi layoyola masamba, malambe ali mbulanda, bwemba amangokhala ali biriwiri, kawirikawiri pambali pa chulu.

Njere zake n'zakhungu lolimba. Zinyikeni m'madzi usiku wonse, kapena muzipale pang'ono ndi mpeni mbali imodzi, kenako fesani m'machubu. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zimamera. Okerani mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, muzu usanaboole chubu, ndipo pakati pa mitengo musiye mamita 10. Pakati pa munda wa chimanga ayi, mthunzi wake ndi wothithikana ndipo pansi pake mbewu sizichita bwino. Kuseri kwa nyumba kapena m'malire ndiye malo ake.

Chimene chimapha bwemba wamng'ono kwathu kuno ndi mbuzi. Ine zinandidyera mbande zinayi masana amodzi, ndinangopeza timitengo tatsala ngati machesi. Zinandiwawa zedi, pakuti ndinali nditazilera miyezi isanu. Tsopano mbande iliyonse ndimaizinga ndi minga kapena njerwa zosanjikiza mpaka itapitirira pamene mbuzi imafika itaima ndi miyendo iwiri. Madzi safuna ambiri. Ndowa imodzi pa sabata m'chilimwe choyamba ndi chachiwiri yakwana, ndipo muziphimbira patsinde ndi udzu wouma, koma usakhudze mtengowo kuopa chiswe. Akadutsa pamenepo amadzisamala yekha.

Bwemba wakupsa mumamudziwa ndi khoko: mukalifinya ndi chala limangoti phwa, m'kati muli nsinsi zofiirira zomata. Nyikani m'madzi ofunda, fikisani ndi manja, sefani. Madziwo muthire m'phala la mgaiwa, ngakhale wodwala amene chakudya chikumukana amamwako, kapena muikemo shuga muziziritse n'kumagulitsa m'mabotolo nyengo yotentha. Musanyike mu poto wa aluminiyamu, kuwawasako kumadya chitsulo. Wosunga muchotse makoko ndi njere chifukwa tizilombo tofumbwitsa timayambira m'njeremo, muyanike, muwaze kamchere, muumbe mibulu n'kutsekera mumtsuko kapena m'chigubu chouma.

Posankha njere, Mayi, yambani mwalawa. Mitengo imasiyana, wina wowawasa mpaka kutsinzina, wina wotsekemerako ndi wansinsi zambiri. Tengani za umene wakukomerani, ndipo mufese khumi ngakhale mukufuna mitengo itatu yokha.