Gehena ya Dante ndi ndende ndithu

Achimwene, mwafunsa ngati Dante, mlakatuli wa ku Italy, ankaonadi gehena ngati ndende kapena ndife owerenga amene tikumuikira maganizo. Mwiniwakeyo ndiye anatero. Mu Inferno, buku lake lonena za ulendo wake wa ku gehena, gawo 10, Cavalcante, mmodzi mwa mizimu yozunzika kumeneko, akutcha malowo ndende yakhungu, kutanthauza mdima wandiweyani. Mu Purgatorio, buku lotsatira lonena za malo oyeretsera mizimu, gawo 1, Cato, mlonda wa malowo, akufunsa Dante ndi Virgil womutsogolera, atangotuluka ku gehena, kuti ndi ndani amene athawa ndende yosatha.

Koma pomwe pamandigwira mtima ine ndi gawo 33 la Inferno. Ugolino, amene anali mtsogoleri wa mzinda wa Pisa, anatsekeredwadi m'nsanja ku Pisa, n'kufa ndi njala mu 1289 limodzi ndi ana ndi zidzukulu zake. Dante akumupeza m'madzi oundana, akutafuna mutu wa Ruggieri, bishopu wamkulu amene anamutsekera uja. Mkaidi ndi womutsekera ali m'dzenje limodzi, palibe wotuluka.