Bwanji timavu sitikuthamangira pomwe kodikodi wachuluka?

Bambo wina wa ku Nkhotakota wanditumizira imelo. Akuti kodikodi, kachilombo koyamwa chinangwa, wadzaza ngodya imodzi ya munda wawo wa chinangwa, mlangizi wawaletsa kupopera ati timavu topha kodikodi tilipo kale, ndiye akufunsa: ngati tilipodi, bwanji tonse sitikukhamukira pangodya yovutayo?

Bambo, mwandikumbutsa kutali. Ine ndinakulira kwa agogo ku Nkhata Bay, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1980 ndinaona ndi maso anga zimene kodikodi amachita. Nsonga za chinangwa zinafungatana ngati chibakera, zitayera mbuu ngati wina wawaza ufa. Chigwada chinasowa. Ukazula phata, unkangopeza timizu ngati zala. Kwathu kondowole ndiye moyo, choncho tinayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo agogo ankanama kuti adya kale kuti ife ana tikhute. Titamva kuti akatswiri amwaza timavu m'minda, agogo anaseka mpaka misozi. "Mavu ndimawadziwa, amamanga pakhonde, amaluma. Awa osaonekawa ndi mavu anji?" Anamwalira asanakaone ngakhale kamodzi, koma chinangwa chinabwerera iwo akadali moyo.

Ndinadzamva nditakula kuti kodikodiyu ndi mlendo. Kwawo ndi ku South America, ndipo ku Africa anayamba kuoneka cha ku Congo mu 1973, adani ake atawasiya kwawo. Kamavu kotchedwa Anagyrus lopezi anakakapeza ku Paraguay, bungwe lofufuza za ulimi la IITA linakamwaza koyamba ku Nigeria mu 1981, ndipo Hans Herren amene ankatsogolera ntchitoyi analandira mphoto yapadziko lonse ya za chakudya ya World Food Prize mu 1995. N'kakang'ono kuposa njere ya mpunga. Kakakazi kamatsata fungo la chinangwa chogwidwa, kamabaya kodikodi n'kuikira dzira m'thupi mwake, mphutsi imamudya m'kati mpaka amauma gwa. Mwa kodikodi wamkulu kamakonda kuikira dzira lodzaswa kakakazi, mwa wamng'ono lodzaswa kakamuna. Nzeru zonsezi m'mutu wosaoneka n'komwe!

Funso lanu ndimaliyankha ndi mjigo. Kumudzi kwathu kuli mjigo wotulutsa madzi ambiri, ndiponso chitsime chakudambo chimene madzi ake amachita kudikirira. Kodi amayi onse amapita kumjigo? Ayi. Mzere wa ndowa ukatalika, wina amawerengera mumtima, n'kutsetserekera kudambo. Mapeto ake kumjigo kumakhala ambiri, kudambo ochepa, koma onse amabwerera kunyumba nthawi yofananako. Akatswiri awiri, Fretwell ndi Lucas, anafotokoza zimenezi zaka zoposa 50 zapitazo poona mbalame, ndipo ena anadzaziyesa pa timavu. Pansonga yodzaza kodikodi timavu timachulukadi, koma tikachuluka timagundana, timasokonezana, ndipo kofika mochedwa kamapeza kodikodi wambiri ali kale ndi dzira la kanzake. Kakabaya kamazindikira. Kakapeza otere motsatizana, kamanyamuka kukafuna kwina, chifukwa m'thupi limodzi mumatuluka kamavu kamodzi basi. Phindu la ngodya yonona limatsika mpaka kufanana ndi la mbali yowonda.

Komabe mabuku amasalaza nkhani. Kamavu sikaona munda wonse ngati mmene mayi amaonera mzere ali patali. Mphepo imakakankha, fungo limakasocheretsa, ndipo kodikodi wobisala m'kati mwa nsonga yofungatana savuta kupulumuka. N'chifukwa chake ngodya ina imatsalira kwa masabata.

Pali kankhani kena kamene ndimakakonda. Akatswiri anamwazanso mbale wake wa lopezi, Anagyrus diversicornis, koma ku Africa sanakhazikike. Lopezi ankapeza kodikodi msanga ngakhale ali wochepa, ndipo mphutsi ziwirizi zikakumana m'thupi limodzi, nthawi zambiri ya lopezi ndiyo inkatsala. Wopambana sanali wolimbira pamulu, koma wodziwa kutola zotsalira. Ndipo timavu tomwazikana m'mbali zooneka zoyerazo, timene inu mukutiona ngati taulesi, ndi timene tikuzimitsa moto usanayake.

Apa ndiye ndilankhule mosabisa. Chizolowezi chathu chothamangira botolo tikangoona kachilombo chimandikwiyitsa. Kodikodi wavala phula loyera, wabisala m'masamba opiringizika, mankhwala samufika bwino. Kamavu kamayenda poyera, ndiko kamayamba kufa. Mumalipira ndalama kuti muphe mlonda, wakuba n'kutsala. Msuweni wanga anachita zimenezi chaka china, ndinamuletsa, anandiuza kuti sukulu yandipepetsa. Sitinalankhulane mpaka pa maliro ena, ndipo nkhani ya mundawo sitiiyambanso.

Ndiye muchite chiyani?

Mverani mlangizi. Tsegulani nsonga zingapo pangodyapo, muyang'ane kodikodi wouma, wolimba, wofiirira, wina ali ndi kabowo: mukamupeza, timavu tili pa ntchito. Kodikodi amakula mphamvu m'chilimwe, mvula ikagwa amachepa. Ndikukayikiranso nthaka ya ngodyayo, chifukwa pamchenga wouma, wopanda chonde, chinangwa chimafooka ndipo vutoli limakakamira. Phimbirani ndi udzu, mudzadzale ndi mvula yoyamba, ndipo mitengo yodzala musadzadule pangodya imeneyo. Mvula ikatha mwezi ikugwa nsonga zikadali chibakera, mundilemberenso.