Bokosi limene anatiletsa kutsegula

Achemwali ena a ku Dedza andilembera imelo. Achimwene awo anali msilikali, anafera ku DRC, ndipo alamu awo mpaka lero sanachotse yunifolomu pakhoma. Akufunsa kuti, "Tiwauze bwanji kuti aiwale?"

Achemwali, mwanditosa pachilonda.

Malume anga anali m'gulu la asilikali amene ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya Renamo ndi Frelimo ku Mozambique. Ife a ku Lizulu nkhondoyo sitinkachita kumva pawayilesi, poti msewu wa M1 ndiwo malire, ndipo othawa nkhondo tinkatunga nawo madzi pachitsime chimodzi. Tsiku lina galimoto ya asilikali inaima pakhomo, bokosi lokutidwa mbendera. Anati tisatsegule. Kwathu kuno maliro timaona nkhope, wina n'kunena kuti ndi yemweyu, wangogona. Agogo sanaione nkhope ya mwana wawo. Mfuti zinalira kumanda, lipenga linawombedwa, madzulo galimoto n'kubwerera. Tinameta, chiliza tinamanga, koma basi ikangoima pamsika agogo ankasiya chilichonse n'kutuluka kukasuzumira.

N'chifukwa chake mawu akuti "limbani mtima, anafa ngati ngwazi" ine ndimadana nawo. Ungwaziwo sindikuukana. Chancy Chitete, mmodzi mwa asilikali athu asanu ndi mmodzi amene anaphedwa kufupi ndi Beni ku DRC mu November 2018, anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo mu May 2019 a United Nations anamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Ulemu womuyenera. Koma mendulo siyankha mwana akafunsa usiku kuti adadi abwera liti. Ndipo ena amene amafulumira kunena kuti "aiwale" ndi omwe aja maso ali pa ndalama za malemu. Azakhali anga, akazi a malumewo, anachoka pakhomo paja ndi mphika ndi zitenje basi. Lero lamulo la chuma cha masiye la 2011 lilipo, kulanda katundu wa namfedwa ndi mlandu, ndipo ndikanakonda likadakhalapo nthawi imeneyo.

Tsono muchite chiyani?

Yunifolomuyo isiyeni. Muziwatchula dzina achimwene anu pamaso pa alamu anuwo, osanong'ona. Aperekezeni pa nkhani ya mapepala a ndalama, ana asasiye sukulu. Alamuwo akasiya kudya kapena kugona, pitani nawo kuchipatala.

Ndipo funafunani mnzawo wa achimwene anu amene anali nawo limodzi kunkhondoko. Kwathu anabwera patapita zaka zambiri, bambo wotsimphina, atapuma kale ntchito. Anakhala pamphasa n'kuwauza agogo kuti iwo ndi amene anawanyamula malume ndi manja awo, ndi kuti usiku womaliza malumewo ankakamba za mbatata ya kachewere ya kudimba kwawo. Agogo analira mokweza ngati maliro achitika tsiku lomwelo, ndipo mlendoyo anamuphera nkhuku.