Kuti chakumwa cha zipatso chisasukuluke

Mwafunsa chifukwa chake chakumwa chanu cha zipatso chimasukuluka komanso kuwawa. Chosukulutsa ndi ayezi akamasungunuka. M'malo mwa ayeziyo, dulani vwende tizidutswa, chotsani njere, muike mufiriji mpaka tiundane. Pogaya, ikani makapu awiri a vwendelo, kapu imodzi ya chinanazi chakupsa bwino, madzi a ndimu imodzi ndi masupuni awiri a shuga wosungunula kale m'madzi otentha pang'ono. M'madzi ozizira shuga amangokhala pansi.

Kuwawako kumachokera ku njere za ndimu ndi khungu lake loyera lamkati, choncho finyani ndi manja, musefe. Chonde musathiremo mkaka: chinanazi chosaphika chimaudula n'kuuwawitsa chakumwacho chikakhalitsa. Ngati mukufuna thovu, thirani soda water mutagaya kale.