Compiler ingagwire lock yoiwalika mu kernel?

Achimwene, mwafunsa ngati compiler ingakuchenjezeni za lock (loko yoletsa mbali ziwiri za code kukhudza data imodzi nthawi imodzi) mu kernel ya Linux musanayatse makina, poti driver yanu ikumangouma mukaiyesa. Eya, mbali ina ingathe ndithu.

Chomwe ndimachiona kawirikawiri mu code ya anzathu kuno ku Johannesburg ndi ichi: mwatenga spin_lock pamwamba, pakati pali if yoona error, mwapanga return pompo osamasula, ndiye wina akadzafuna lock yomweyo amangozungulira osatha, CPU yagwidwa basi. M'ma kernel akale, Linux 7.0 isanatuluke, zoterezi zinkagwidwa ndi Sparse, chida chofufuza code osaiyendetsa chimene Linus Torvalds, woyambitsa Linux, anayamba mu 2003. Ngati kernel yanu ndi yotero, pangani make C=1 kuti ione ma file amene mukupanga compile, kapena C=2 kuti ione onse, mudzaona ikudandaula za context imbalance, kutanthauza kuti kutenga ndi kumasula lock sizikufanana. Koma ngati function yanu imatuluka mwadala itagwira lock ilembeni __acquires, yomasula __releases, yofuna lock yogwidwa kale __must_hold, apo ayi machenjezo abodza amachuluka mpaka munthu kuzolowera kusawerenga, ndipo zimenezo ndiye zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Ine ndimakondanso -Wthread-safety ya compiler ya Clang chifukwa mumaiuza ndi guarded_by kuti data iyi ikutetezedwa ndi lock iti, mukaikhudza musanatenge lock imakuuzani nthawi yomweyo.

Komabe musadalire zimenezi zokha. CPU ina ikatenga lock A kenako B, inzake B kenako A, zimatha kudikirana osatha, ndipo zimenezo Sparse siiona. Yatsani lockdep, chida cha mu kernel chotsata ma lock makina akuyenda, pogwiritsa ntchito CONFIG_PROVE_LOCKING poyesa, komanso CONFIG_DEBUG_ATOMIC_SLEEP kuti ikugwireni mukaitana kmalloc ya GFP_KERNEL, yomwe imatha kugona podikira memory, mutagwira spinlock.